Mlimi ndi Zipangizo Zake: Sipanala Yoyendera Batire

Ino ndi nyengo yogulitsa mbewu. Soya wapita kumsika, mtedza uli m'matumba, a fodya ayamba kulandira zawo, ndipo m'nyumba zambiri muli kandalama. Nthawi yotere ndiyo imene ana amafika kwa makolo ndi mapempho awo. Pempho lina limene layamba kumveka zaka zino ndi la mnyamata wokonza njinga zamoto pamsika, kapena wosamala injini ya chigayo. Iye afuna kuti mumgulire sipanala yoyendera batire, imene amakaniko amaitcha ratchet.

Sabata ino tikambe za chipangizo chimenechi, pakuti ndalama imene ingapite kumeneko ndi ya thukuta la chaka chathunthu. Mawu athu aakulu ndi awa, ndipo muwasunge: sipanala imeneyi ndi yaliwiro, si yamphamvu ayi. Amene aigula akudziwa zimenezi adzakondwa nayo. Amene aigula poyesa kuti idzamasula bawuti iliyonse yadzimbiri adzalira ndalama zake.

KODI NDI CHIYANI?

Ambiri a inu munaona ratchet yamanja. Ndi mpini wachitsulo wokhala ndi mutu wobulungira. Pamutupo pali kachitsulo ka ngodya zinayi, ndipo apo mmisiri amalowetsa soketi, kachikho kachitsulo kamene kamavala mutu wa bawuti kapena nati. Mkati mwa mutuwo muli mano ndi kakoleko. Mukakoka mpini mbali imodzi, bawuti itembenuka. Mukabweza mpini, mano angolira kuti kere kere, bawuti osabwerera. Chifukwa chake simuchotsa sipanala pabawuti nthawi ndi nthawi.

Ratchet ya batire ndi yomweyo, koma mumpini mwake aikamo mota yaing'ono, ndipo kumapeto kwa mpini kuli batire lotchajidwa. Mmisiri angofinya kampini kakang'ono, soketi n'kuyamba kuzungulira yokha. Mutu wake ndi wopyapyala, kotero ulowa m'malo opanikiza, monga pansi pa thanki ya njinga yamoto kapena kuseri kwa injini ya galimoto, kumene dzanja silipeza mpata wokankhira mpini.

Nzeru imeneyi inabwera pang'onopang'ono. M'chaka cha 1863 munthu wina wa ku Woodstock m'chigawo cha Vermont ku America, dzina lake J. J. Richardson, analembetsa kuboma ratchet yosinthasintha masoketi. M'chaka cha 1920 kampani ya Snap-on inayamba mumzinda wa Milwaukee, nifalitsa masoketi olowa pampini umodzi. M'chaka cha 1961 a Black & Decker anatulutsa choboolera choyamba choyendera batire. Koma mabatire a nthawi imeneyo anali olemera, ndipo moto unkatha msanga. Zinthu zinasintha pamene a Sony a ku Japan anayamba kugulitsa mabatire a lithium m'chaka cha 1991. Mabatire a mtundu umenewu ndiwo ali m'mafoni anu, ndipo ndiwo ayendetsa masipanala tikunenawa.

LIWIRO LAKE

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tengani bawuti yaing'ono ya mutu wa namba 10, imene ili yambirimbiri panjinga yamoto. Ikazungulira kamodzi ituluka milimita 1. Ngati yalowa mamilimita 20, iyenera kuzungulira ka 20 kuti ichoke. Pamalo opanikiza ratchet yamanja iyenda gawo limodzi chabe la magawo anayi a mzungulo, kotero mmisiri akoka mpini ka 80. Tsono ratchet ya batire yotchedwa M12 ya kampani ya Milwaukee izungulira mpaka ka 250 pamphindi imodzi, ndiko kuti kanayi pasekondi. Bawuti yomweyo ichoka m'masekondi 5. Ya Makita yotchedwa WR100D ifika mpaka ka 800 pamphindi.

Pabawuti imodzi kusiyana kumeneku n'kochepa. Koma chivundikiro chimodzi cha injini chimakhala ndi mabawuti angapo, ndipo makaniko wotanganidwa amamasula ndi kumanga mabawuti ambirimbiri patsiku. Apo ndi pamene chipangizochi chibweza mtengo wake. Ntchito itha msanga, dzanja silitopa, ndipo wakabaza amene wabweretsa njinga yake abwerera pamsewu dzuwa lisanapendeke.

MPHAMVU YAKE

Mphamvu yopotolera bawuti imayezedwa ndi muyeso wolembedwa kuti Nm. Musaope zilembo ziwirizi. Mukapachika kilogalamu imodzi kunsonga ya mpini wotalika mita imodzi, mwapota ndi mphamvu pafupifupi 10 Nm. Kapena tinene chonchi. Ndowa ya madzi ya malita 20 ilemera makilogalamu 20. Mukaipachika kunsonga ya sipanala yotalika masentimita 25, mwapota ndi mphamvu pafupifupi 50 Nm.

Tsono mverani. Ratchet ziwiri tatchulazi zipereka pafupifupi 47 Nm iliyonse. Ndiko kuti mphamvu yake ndi ya ndowa imodzi ya madzi basi. Ina yamphamvuko ya Milwaukee, imene imalembedwa kuti FUEL, ifika 75 Nm. Pabokosi lochokera ku America mupeza zilembo zina, ft-lb. Nambala imeneyo muichulukitse ndi 1.36 kuti mupeze Nm, kotero 35 ft-lb ndi 47 Nm.

Nanga mabawuti afuna mphamvu yotani? Nati ya tayala la galimoto yaing'ono ngati Toyota Corolla imamangidwa pa 103 Nm. Manati a matayala a lole apitirira 400 Nm. Ndipo nati imene yakhala zaka pamvula, n'kugwira dzimbiri, ifuna mphamvu yoposa ija anaimangira. Mwaona tsono kuti ratchet ya batire siingathe kumasula tayala. Ingolira, n'kuima.

Koma palinso mbali ina imene ambiri saiganiza. Bawuti ija ya namba 10 ifuna pafupifupi 10 Nm chabe. Pulagi yaing'ono ya njinga yamoto ifunanso mphamvu yochepa chomwecho. Ratchet ya batire ipereka mphamvu yoposa imeneyo kanayi kapena kasanu. Mmisiri wosasamala akaisiya kuti imange mpaka itaima yokha, bawuti iduka, kapena mazinga a m'bowo aphwasuka, pakuti zivundikiro za injini ndi za aluminiyamu, chitsulo chofewa. Bawuti yodukira mkati mwa injini ndi mlandu. Ntchito ya theka la ola isanduka ya tsiku lathunthu, ndipo mwini njinga afuna kulipidwa.

Chifukwa chake tinene kuti chipangizochi n'chofooka pa mabawuti aakulu, koma n'champhamvu kopitirira pa mabawuti aang'ono. Ntchito yake ili pakati. Dzanja liyamba, batire lithamangitsa, dzanja limaliza.

NDANI AYENERA KUGULA?

Mlimi amene ali ndi pulawo, ngolo, njinga yakapalasa ndi pampu yopondaponda sayenera kutaya ndalama pa ratchet ya batire. Mabawuti ake ndi owerengeka, ndi aakulu, ali poyera, ndipo kawirikawiri ndi adzimbiri. Iye afuna masipanala abwino ndi kabotolo ka oyilo. A komiti ya mjigo nawonso asavutike. Mjigo wa Afridev, umene unayambira konkuno ku Malawi m'zaka za m'ma 1980, anaupanga dala kuti anthu a m'mudzi azitha kuukonza ndi sipanala yake yomwe ndi zitsulo zochepa.

Amene angapindule ndi mmisiri wokonza njinga zamoto tsiku ndi tsiku, wokonza magalimoto ndi maminibasi, ndi munthu amene asamala mainjini a zigayo kapena mapampu a petulo a m'madimba ambiri. Koma ngakhale iyeyo ayambe waona ngati zida zoyamba ali nazo. Ayenera kukhala ndi masipanala kuyambira namba 8 kufikira namba 19, masoketi ake ndi ratchet yamanja, mpini wautali womasulira manati olimba, ndiponso sipanala yoyezera mphamvu imene amaitcha torque wrench. Zida zimenezi sizifuna moto, siziopa mvula, ndipo zikhala mpaka adzukulu. Ratchet ya batire ibwere pambuyo pa zonsezi. Munthu sagula chipewa asanagule malaya.

Makolo, mwana wanu akakupemphani, musakane msanga, ndipo musavomere msanga. Mumpatse chitini ndi chimanga chodzaza dzanja. Kwa sabata imodzi aponye njere imodzi m'chitini pa bawuti iliyonse imene wamasula. Awerengenso anthu amene anachoka ndi njinga zawo chifukwa chotopa kudikira. Loweruka mukhale pansi pamodzi ndi amayi ake, muwerenge njerezo. Ngati zili zochepa, ndipo palibe anachoka, vuto lake si kuchedwa kwa dzanja koma kuchepa kwa ntchito, ndipo sipanala yatsopano siibweretsa makasitomala. Ngati chitini chalemera, ndipo anthu akuchokadi, apo ganizani zogula. Koma ndalama ya mbewu, ya feteleza ndi ya fizi ipatulidwe poyamba. Imeneyo isakhudzidwe.

KUKULA KWA MUTU

Mukatsimikiza zogula, chinthu choyamba kuona ndi kachitsulo kaja ka ngodya zinayi kolowa m'soketi. Kalipo ka misinkhu itatu, ndipo kamayezedwa m'mainchi. Ka 1/4 ndi mamilimita 6.35, ka 3/8 ndi mamilimita 9.5, ndipo ka 1/2 ndi mamilimita 12.7.

Ka 1/4 n'kabwino pa timabawuti ting'onoting'ono ndi malo opanikiza kwambiri. Ka 1/2 n'ka masoketi aakulu, koma mutu wake ndi wonenepa, ndipo mphamvu ya mota siichuluka kwenikweni chifukwa cha kukula kwa kachitsuloko. Kwa munthu wogula ratchet imodzi yokha, ka 3/8 ndiko koyenera, pakuti kalandira masoketi ambiri a panjinga yamoto, papampu ndi pagalimoto yaing'ono. Makita ija tatchula imabwera ndi tizitsulo tiwiri tosinthana, ka 1/4 ndi ka 3/8.

Musananyamuke, yang'anani masoketi amene alipo kale pakhomo. Ngati onse ndi a 1/2, mudzafunika kugula ena, kapena kachitsulo kolumikizira, ndipo mtengo wake muuwerengeretu. Kumbukiraninso kuti makina a ku Japan ndi ofanana nawo amagwiritsa ntchito kwambiri manamba 8, 10, 12, 14, 17 ndi 19, pamene a ku Ulaya amakonda namba 13. Musagule masoketi a mainchi ngati makina a kwanu ndi a mamilimita, chifukwa soketi yosakwana bwino imadya ngodya za nati.

Ena amapanga ratchet ya khosi lalitali yofikira mabawuti obisika mkati mwa galimoto. Wokonza njinga zamoto saifuna kwenikweni, pakuti injini ya njinga ili poyera.

BATIRE NDILO MUKUGULA

Apa ndi pamene ambiri amapusitsidwa. Batire la kampani ina sililowa m'chipangizo cha kampani ina. La Makita sililowa mwa Bosch, la Bosch sililowa mwa Milwaukee. Ngakhale m'kampani imodzi, batire la 12V sililowa m'chipangizo cha 18V. Kotero pogula ratchet mukulowa m'banja, ndipo m'banjamo mudzakhalitsa. Batire la lithium limakalamba ndi zaka ndiponso ndi kutchajidwa. Tsiku lina lidzafa ratchet ikadali yamoyo. Funso lalikulu ndi ili: kodi batire lina mudzalipeza kuti? Ngati silipezeka ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Mzuzu, ratchet yanu idzasanduka chidole cha ana. Ngati pakhomo pali kale choboolera cha batire, funani ratchet ya banja lomwelo, kuti batire limodzi litumikire zonse ziwiri.

Manambala a pabatire muwadziwe. Mkati mwa batire muli timabatire ting'onoting'ono, kalikonse ka mavoti 3.6. Atatu apereka 10.8, ndipo ndilo batire limene amalemba kuti 12V, chifukwa likangodzaza limafika pamenepo. Asanu apereka 18, ndipo makampani ena amalemba 18V, ena 20V, koma n'chimodzimodzi. Musalipire ndalama yoonjezera poyesa kuti 20 aposa 18. Mukaona kachipangizo kakang'ono, kopepuka, kolembedwa 88V kapena kuposa apo, dziwani kuti ndi bodza la malonda. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Pa ratchet, batire la 12V ndi lokwana. Ndi lopepuka, ndipo silinenepetsa mpini. La 18V likhalitsa moto, koma lilemera, ndipo nthawi zina likanika kulowa m'malo opanikiza, amene ndiwo munagulira chipangizocho.

Nambala ina ndi ya Ah, monga 2.0Ah kapena 4.0Ah. Imeneyi ili ngati kukula kwa thanki. La 4.0Ah lisunga moto wowirikiza kawiri la 2.0Ah, koma ndi lalikulu. Mabatire awiri aang'ono aposa limodzi lalikulu, chifukwa lina ligwira ntchito pamene lina lili pamoto.

Chenjeraninso ndi mtengo wotsika modabwitsa. Kawirikawiri pabokosi pamakhala mawu akuti tool only, kapena bare tool, kapena solo. Mawu amenewa atanthauza kuti m'bokosimo muli ratchet yokha, yopanda batire ndi tchaja. Ziwirizi zikhoza kudula monga ratchet imene, kapena kuposa.

KUTCHAJA KUMUDZI

Moto umene batire lifuna ndi wochepa. La 12V la 2.0Ah lisunga moto wolingana ndi wa foni yamakono imodzi kapena ziwiri, kotero sola wa pakhomo akhoza kulidzaza. Koma tchaja zambiri zifuna magetsi onga a ESCOM, a mavoti 230. Ngati kwanu kuli sola, pafunika inveta yabwino, pakuti mainveta ena otchipa amaononga tchaja. Makampani ena amagulitsa tchaja yolumikiza kubatire la galimoto la mavoti 12. Funsani za imeneyo ngati magetsi ali kutali.

Ambiri muli ndi abale kunja amene amatumiza katundu. Muwauze mawu awa asanagule. Ku South Africa magetsi ndi a mavoti 230 monga kuno, kotero tchaja yochokera ku Johannesburg igwira ntchito, koma pulagi yake ndi ya mano obulungira, ndipo ifuna cholumikizira. Ku Britain magetsi ndi pulagi zonse n'zofanana ndi zathu. Koma ku America magetsi a m'nyumba ndi a mavoti 120. Tchaja yolembedwa 120V yokha ikalowa m'magetsi athu ipsa nthawi yomweyo. Tembenuzani tchaja, muwerenge kunsi kwake. Payenera kulembedwa 220-240V kapena 100-240V.

M'SITOLO

Safunsa anadya phula. Pitani kusitolo pamodzi ndi mmisiri amene adzagwire chipangizocho, ndipo atenge soketi yake ndi bawuti m'thumba. Musachite manyazi kuyesa katundu pamaso pa mwini sitolo, pakuti ndalama ndi yanu.

Aike batire, afinye kampini pang'ono. Soketi iyenera kuyamba pang'onopang'ono, n'kumathamanga pamene afinya kwambiri. Ratchet imene ingolumphira paliwiro lonse ndi yoopsa pa mabawuti aang'ono. Atembenuze kosinthira ka pamutu, aone ngati izungulira mbali zonse ziwiri. Alowetse soketi, aigwedeze, aone ngati siigwa yokha. Azimitse mota, akoke mpini ndi dzanja, amve ngati mano agwira osaterereka. Aone ngati pali kotsekera koletsa kuti ingayake yokha m'chikwama, ndi timagetsi toonetsa moto wotsala. Kanyali kounikira pabawuti n'kothandizanso madzulo.

Pabokosi lina mupeza mawu akuti brushless. Mota yotere ilibe timakala tija timene timatha ndi kukhuzika, kotero ikhalitsa, ndipo siidya moto wambiri, koma ndi yodula. Kwa wogwira ntchito tsiku lililonse ndi yabwino. Kwa wogwira mwa apo ndi apo, mota wamba ndi yokwana.

Funsani ngati sitoloyo igulitsa batire palokha, ndi mtengo wake. Funsaninso ngati zida za m'mutu wa ratchet zipezeka, chifukwa mano ndi kakoleko ndizo zimayamba kutha. Potsiriza, tengani lisiti lolembedwa dzina la chipangizo, nambala yake ndi tsiku, ndipo mwini sitolo alembepo miyezi imene alonjeza kukonza kapena kusintha katunduyo akaonongeka. Lisiti limenelo lisungidwe pamodzi ndi makalata a munda. Katundu wogulidwa m'mbali mwa msewu, wopanda bokosi ndi lisiti, alibe kokadandaula, ndipo mwina ndi wakuba.

KAGWIRITSIDWE KAKE

Pomasula, bawuti yolimba iyambe yathyoledwa ndi mpini wautali kapena sipanala wamba. Yadzimbiri muithire oyilo, muipatse nthawi. Ikangogwedezeka, apo ikani ratchet ya batire. Ratchet zambiri zilola kuti muzikoke ndi dzanja pa bawuti yosalimba kwambiri, koma musalowetse paipi kumpini kuti mutalikitse, ndipo musaimenye ndi hamala. Mumpinimo muli mota, si chitsulo chokhachokha.

Pomanga, yambani ndi zala. Bawuti izungulire kawiri kapena katatu mosavuta, kuti mutsimikize kuti yalowa m'mazinga ake. Mota siimva kuti bawuti yapendekeka, imangokankha, n'kudula mazinga. Kenaka thamangitsani ndi batire, koma lekani mutu wa bawuti usanakhale pansi. Malizani ndi dzanja, ndipo pa mabawuti a mutu wa injini, a mabuleki ndi a matayala malizani ndi torque wrench monga linenera buku la makinawo. Pulagi ndi bawuti yotsekera oyilo zimangidwe ndi dzanja lokha kuyambira poyamba mpaka potsiriza.

Samalani zala. Pali chipangizo china chotchedwa impact, chimene chimamenya nati mkati mwake ngati hamala, ndipo ndicho amamasulira matayala. Ratchet siimenya. Bawuti ikaima mwadzidzidzi, mphamvu yonse ibwerera kumpini, ndipo mpini ukankha dzanja kuchitsulo chapafupi. Chifukwa chake gwirani zolimba, ndipo onani kumene dzanja lingapite. Pamalo opanikiza onaninso kumbuyo kwa mutu wa ratchet. Bawuti yaitali ikamatuluka imakankha ratchet kumbuyo, mpaka kuipanikiza kukhoma la injini. Ikatero kosinthira kabisika, ndipo ratchet siichoka, siibwereranso. Lekani mpata ukadalipo, mumalize ndi zala.

Pogwira ntchito pafupi ndi mawaya a galimoto, chotsani waya wa batire la galimotoyo wa kuchizindikiro cha minus poyamba, chifukwa mutu wa ratchet ndi chitsulo ndipo ukhoza kulumikiza moto. Musaiyatse pamene petulo watayika kapena thanki ili yotsegula, pakuti mota imatulutsa tinthethe ta moto mkati mwake. Ndipo musalowe pansi pa galimoto yoima pa jeke yekha.

KUSAMALA BATIRE

Adani a batire la lithium ndi dzuwa, madzi ndi kugwa. Musalisiye pampando wa njinga masana, kapena m'galimoto yotsekedwa, kapena pafupi ndi moto wa kukhitchini. Likatentha ndi ntchito, lizizire lisanaikidwe patchaja. Tchajani pansi pa simenti kapena panjerwa, kutali ndi udzu wa denga, matumba a chimanga ndi zigubu za petulo, ndipo pakhale munthu woona. Musaliponye m'chikwama pamodzi ndi manati ndi misomali, chifukwa kachitsulo kakakhudza milomo yake iwiri likhoza kuyaka.

Nthawi ya dzinja, ngati ntchito yachepa ndipo khasu laitana, sungani batire lili ndi moto pafupifupi theka, pamalo ouma ndi ozizira, litachotsedwa m'chipangizo. Pakapita miyezi ingapo muliyang'ane, lisatheretu. Batire lotupa, long'aluka kapena lonunkha lisatchajidwenso. Lisaponyedwe pamoto kapena m'chimbudzi, ndipo ana asalitenge kukasewera nalo kapena kuyatsira mababu. Liikeni panja m'chitini cha mchenga, kufikira mutalibweza kusitolo kapena kwa odziwa kutaya zotere.

Ratchet nayo ipukutidwe madzulo aliwonse. Mafuta a mabuleki ndi petulo amadya mphira ndi pulasitiki za pampini, ndipo fumbi likalowa m'mutu limatha mano.

MAWU OTSIRIZA

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Sitolo siithawa, ndipo sabata imodzi yowerenga njere m'chitini siiononga kanthu. Ngati ntchito ilipo yambiri, zida zamanja zilipo kale, ndipo ndalama ya munda yapatulidwa, gulani ratchet ya 3/8, ya 12V, yokhala ndi mabatire awiri ndi tchaja ya magetsi athu, ya banja limene batire lake lipezeka m'dziko muno. Ngati chimodzi cha zimenezi chasowa, dikirani chaka chamawa, ndipo chaka chino mugule masoketi abwino ndi torque wrench.

Inu anyamata amene mwaphunzira umakaniko, kaya kusukulu za TEVETA kaya pansi pa mtengo kwa mmisiri wamkulu, kumbukirani kuti anthu amabwerera kwa munthu amene bawuti zake siziduka ndipo sizimasuka panjira. Liwiro libwere pambuyo pa zimenezo. Amene adziwa kuwerenga awerengereko anzawo nkhaniyi pabwalo ndi kugulu la alimi. Sabata yamawa tidzakamba za kusamala pampu ya petulo isanapite kudimba.